Mitengo yokongola ija ndi imene imadwalitsa udzu wa gofu ku Japan

Ine ntchito yanga ndi yosamalira udzu wa m'mabwalo a gofu, ndiye anthu akamandionetsa zithunzi za Hirono Golf Club, ija ili ku Miki kufupi ndi Kobe, nkumati eee taonani mitengo ya paini mmene yazungulira, ine maso anga amakhala ali pansi. Kwa ife anthu a udzu, nkhalango ndi mutu wowawa.

Hirono inatsegulidwa mu 1932, anaikonza ndi Charles Alison wa ku England. Maenje ake amchenga anali akuya koopsa moti mpaka lero ku Japan dzenje lakuya amangolitchula dzina la Alison lomwelo. Ndi kalabu ya mamembala, simungangotulukira ndi ndalama m'thumba ayi, pakufunika membala akutengeni.

Nkhani yeniyeni ili pa girini, pamene pali kadzenje kogwetsamo mpira paja. Udzu umene mpira umayenda bwino ndi bentgrass, koma umakonda kozizira, ndipo ku Japan mu June ndi July kumagwa mvula yosalekeza kenako August kutentha kwa chinyontho, udzuwo mizu imafooka matenda nkulowa. Udzu wa konko, korai, kutentha sukuopa olo pang'ono koma kukazizira umasanduka wofiirira ngati wauma. Ndiye makalabu ambiri anangoti basi, timange magirini awiri pa hole imodzi, kutanthauza gawo limodzi la bwalo, wina wa nyengo yotentha wina wa yozizira. Nzeru ndithu, koma kunena zoona zimaononga sewero, girini iliyonse imachepa ndipo maenje amchenga sadziwika kuti akulondera iti. Kalabu ya Kasumigaseki ya ku Saitama inachotsa dongosolo limeneli pa bwalo lake la kum'mawa mu 2016 pokonzekera ma Olympic a ku Tokyo, poti pano kuli mitundu ya bentgrass yopirirako kutentha.

Nanga mitengo? Imatchinga dzuwa la m'mawa, mame sauma msanga, mphepo siyenda, makamaka girini ikakhala m'chigwa pakati pa zitunda. Nchifukwa chake mumapeza mafani akuluakulu atayikidwa pambali kumapepesera udzu. Kuuza mamembala okalamba kuti tidule mtengo umene anaupeza ali anyamata, imeneyo ndi nkhondo. Ku Hirono zinatheka, mu 2018 ndi 2019 Martin Ebert, katswiri wokonza mabwalo a gofu, anadula mitengo yambiri nkubwezeretsa maenje amchenga potsatira zithunzi zakale.

Zonsezi zimadya ndalama. Cha m'ma 1980 umembala wa gofu ku Japan unkagulitsidwa ngati masheya, chuma chitagwa cha m'ma 1990 makalabu ambiri analephera kubweza ndalama zomwe mamembala anasungitsa, ena anagwa, ndipo mabwalo ena pano anadzaza ndi masola.