Lamulo Lofufuza Kawiri Musanapereke Insulin, Warfarin Kapena Magazi: Mafunso ndi Mayankho

Kodi lamuloli likuti chiyani?

Mankhwala asanalowe m'thupi la wodwala, namwino amatsimikiza zinthu zisanu: kuti wodwala ndi yemweyo, mankhwala ndi omwewo, mlingo ndi umene dokotala walemba, njira yoperekera ndi yoyenera, ndipo nthawi yakwana. Pa mankhwala amene kulakwitsa pang'ono kungathe kupha, zipatala zambiri zimawonjezera kuti namwino wachiwiri afufuzenso. Bungwe la World Health Organization mu 2017 linayambitsa ntchito ya Medication Without Harm, n'cholinga chochepetsa ndi theka ngozi zikuluzikulu zobwera ndi mankhwala m'zaka zisanu, ndipo mankhwala oopsa chotere ndi amodzi mwa amene linawaika patsogolo.

Wachiwiriyo amangoyang'ana n'kuvomereza?

Ayi, ndipo apa m'pamene lamuloli limafera nthawi zambiri. Woyamba akanena kuti "mayunitsi 10, eti?" mnzake amangogwedeza mutu chifukwa wamva kale yankho. Chofunika n'chakuti wachiwiri awerenge yekha zimene dokotala walemba, aone botolo, awerengetse mlingo m'mutu mwake, kenako awiriwo ayerekeze. Kusaina dzina pa chinthu chimene sunachione n'koipa kuposa kusafufuza n'komwe, pakuti aliyense amatsamira mnzake.

N'chifukwa chiyani insulin, mankhwala otsitsa shuga m'magazi, imaopedwa chonchi?

Chifukwa mlingo wake ndi kadontho. Insulin yofala kwambiri imakhala ndi mayunitsi 100 pa mililita imodzi, choncho mayunitsi 10 ndi 0.1 ml basi. Munthu akatenga sirinji wamba n'kukoka 1 ml, wapereka mlingo wochuluka kakhumi. N'chifukwa chake insulin imakokedwa ndi sirinji yake yokha, yolembedwa mayunitsi. Kalembedwe nakonso kamapha: "10U" yolembedwa mothamanga imaoneka ngati 100, motero mawu akuti mayunitsi azilembedwa onse.

Palinso mitundu yosiyana. Ina imagwira msanga ndipo imayendera limodzi ndi chakudya; ina imagwira pang'onopang'ono tsiku lonse. Yogwira msanga isabayidwe chakudya chisanaoneke, ndipo ngati wodwala waletsedwa kudya poyembekezera opaleshoni, namwino afunse kaye. Koma pasakhale kuganiza kuti wosadya sasowa insulin. Wodwala shuga ya mtundu woyamba thupi lake silipanga insulin, ndipo ukamuimitsira yonse magazi ake amadzaza asidi, vuto limene lingamuphe. Insulin yooneka ngati mkaka, monga NPH, imagubuduzidwa m'manja osati kukhutchumulidwa. Yosatsegula imasungidwa mufiriji koma isaume kukhala ayezi. Yotsegulidwa ilembedwe tsiku, popeza mitundu yambiri imagwira ntchito masiku pafupifupi 28.

Nanga shuga akatsika kwambiri?

Pansi pa 3.9 mmol/L watsika. Wodwala amatuluka thukuta lozizira, manja amanjenjemera, mtima umathamanga, ena amayamba kukwiya kapena kulankhula zosamveka ngati aledzera. Ngati akutha kumeza, apatsidwe magalamu 15 a shuga wolowa msanga, ayezedwenso pakatha mphindi 15, ndipo zibwerezedwe ngati sanakwere. Wokomoka asamuike kalikonse m'kamwa. Amafunika glucose wa mumtsempha kapena jakisoni wa glucagon, mankhwala okweza shuga. Amene amamwa mapiritsi a matenda a shuga otchedwa glibenclamide, makamaka okalamba ndi odwala impso, shuga wawo amatha kutsikanso patapita maola ambiri, choncho asamasulidwe msanga poona kuti atsitsimuka.

Warfarin ndi piritsi chabe. Vuto lake n'chiyani?

Amachedwetsa kuundana kwa magazi, ndipo mpata pakati pa kuteteza ndi kutayitsa magazi ndi wochepa. Amauyeza ndi INR, nambala yoonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana, imene kwa odwala ambiri iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Namwino asapereke mlingo wa lero asanaone zotsatira zomaliza.

Mankhwala ena amasokoneza kwambiri. Metronidazole ndi cotrimoxazole amakweza mphamvu ya warfarin, rifampicin amaitsitsa, pomwe aspirin ndi ibuprofen amawonjezera ngozi yotuluka magazi m'mimba. Masamba obiriwira ali ndi vitamini K amene amalimbana ndi warfarin. Wodwala sakuletsedwa kudya, kungoti asamasinthesinthe kuchuluka kwake. Zoyang'anira ndi izi: magazi m'nkhama potsuka mano, kamfuno wosaleka, mikwingwirima yosadziwika chiyambi, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda bii, ndi mutu waukulu wadzidzidzi. Wogwa n'kumenya mutu aonedwe ngakhale akuti ali bwino. Mayi amene watenga pakati anene msanga, pakuti warfarin amavulaza mwana m'mimba. Zikavuta, mphamvu ya warfarin imabwezedwa ndi vitamini K.

Za chithokomiro ndi ma steroid?

Levothyroxine, mankhwala a chithokomiro, amayezedwa ndi mamaikulogalamu, ndipo miligalamu imodzi ndi mamaikulogalamu 1,000, choncho wolemba asafupikitse. Amamwedwa m'mimba muli mopanda kanthu, ndipo mapiritsi a ayironi kapena kashiamu atalikirane naye maola 4. Ma steroid monga prednisolone kapena hydrocortisone amene munthu wamwa kwa milungu ingapo saimitsidwa mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litasiya kupanga mahomoni akeake ndipo magazi angatsike mphamvu mpaka kukomoka. Mankhwalawa amakwezanso shuga.

Poika magazi, si ku labotale kumene amafufuza zonse?

Labotale imafufuza kabotolo kamene yalandira. Ngati m'kabotolomo muli magazi a munthu wina koma dzina ndi la wodwala wanu, zotsatira zidzakhala zolondola pa munthu wolakwika. Karl Landsteiner anatulukira magulu a magazi mu 1901, koma mpaka lero ngozi zambiri zopatsa munthu gulu losayenera zimayamba ndi kusokoneza mayina. Choncho kabotolo kalembedwe pambali pa bedi, magazi atangotengedwa. Thumba la magazi likabwera, kufufuza komaliza kuchitikirenso pabedi pomwepo, osati pa tebulo la anamwino. Musafunse kuti "ndinu auje?", pakuti wodwala wofooka amavomera chilichonse; mufunseni atchule yekha dzina lake ndi tsiku lobadwa, muyerekeze ndi chibangili cha dzina chimene wavala ndi zolembedwa pa thumba.

Mphindi 15 zoyambirira namwino akhale pafupi. Kutentha thupi, kuzizidwa, kupweteka msana kapena pachifuwa, kubanika, mkodzo wakuda: tsekani magazi nthawi yomweyo, itanani dokotala, thumba musalitaye. Thumba limodzi lithe pasanathe maola 4 chichokereni mufiriji, ndipo mupaipi yomweyo musalowe mankhwala ena kupatula saline wamba, madzi amchere a mudiripi.

Wodwala kapena wachibale ali ndi mbali?

Ali nayo yaikulu, ndipo ndimakhulupirira kuti anamwino ayenera kumulimbikitsa. Amene wakhala akudzibaya insulin kwa zaka amadziwa mlingo wake kuposa aliyense mu wodi, ndipo wodwala sickle cell amene waikidwapo magazi kangapo amadziwa ngati zinamuvutapo kale. Akanena kuti "piritsi ili si limene ndimamwa," namwino aime, abwerere ku zimene dokotala analemba, ndipo asapereke mpaka kusiyanako kutamveka.