Mawu akuti "altercation" sanena za zibakera

Ambiri akawerenga m'nyuzipepala ya Chingerezi kuti penapake panali "altercation", amangoganiza kuti anthu anachitana zibakera. Si choncho ayi. Mawuwa amanena za mkangano wapakamwa, kuja kobwezerana mawu mokweza, uyu akalankhula winayo n'kumuyankha pomwepo. N'chifukwa chake mtolankhani wosamala amawonjezerapo liwu lakuti "physical" ngati zinafika pomenyana.

Gwero lake ndi Chilatini. Mneni wakuti altercari ankatanthauza kutsutsana ndi munthu wina, ndipo anachokera ku alter, kutanthauza "winayo mwa awiri". Mawuwa analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300.

Ku Rome wakale, altercatio inali gawo lovomerezeka la mlandu. Oimira mbali ziwiri akatsiriza zolankhula zawo zazitali, ankayamba kuponyerana mafunso ndi mayankho achidule, ndipo wochedwa kuganiza ankaonekera poyera. Quintilian, mphunzitsi wa luso lolankhula wa m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, ankalangiza oimira milandu kuti pa gawo limeneli asapse mtima, chifukwa mkwiyo umasokoneza nzeru.