Galimoto ya rimoti yoyamba ya mwana: sankhani yopirira khoma

Ntchito yanga ndi yokonza zipangizo zamagetsi. Pakati pa mawailesi ndi mafoni amene amafika patebulo panga, sipalephera kupezeka kagalimoto ka rimoti kamene kangotha masiku ochepa chichokereni m'bokosi. Kholo limabwera litakwiya, likunena kuti lagulitsidwa chinthu chachinyengo. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri ndikatsegula ndimapeza kuti galimotoyo inalibe chilema, kungoti inagwera m'manja mwa mwana amene sinapangidwire.

Tsiku lina kunabwera bambo wina atanyamula galimoto yofiira, yonyezimira, yotalika ngati mkono wanga kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya zala. Pabokosi panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti imathamanga makilomita 30 pa ola. Mwana wawo anali wa zaka 4. Tayala lakutsogolo linali lendelende, kapulasitiki kolilumikiza ku chiwongolero katathyoka pakati. "Wangoyendetsa kamodzi kokhatu, bwana," anatero bambowo. Sindinawatsutse. Kamodzi n'kokwanira.

Galimoto yoyamba ya mwana idzagunda khoma, mwendo wa tebulo, chitseko ndi akakolo anu. Izi zilibe mwina. Choncho funso loyamba pogula lisakhale lakuti imathamanga bwanji, koma lakuti ikagunda itsala yotani. Apa pali kasamu kakang'ono kamene ogulitsa sakonda kukatchula. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene galimoto imagundira nayo imawirikiza kanayi. Galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola imamenya khoma ndi mphamvu yowirikiza ka 9 mphamvu ya inzake yolemera chimodzimodzi koma yoyenda makilomita 10 pa ola. Pulasitiki wake ndi yemweyo. Munthu wamkulu akamayenda bwinobwino amayenda pafupifupi makilomita 5 pa ola, ndiye galimoto yofika makilomita 8 kapena 10 ikumusiya kale m'mbuyo, ndipo kwa mwana wamng'ono limenelo ndi liwiro losangalatsa zedi. Ine kwa mwana wosafika zaka 6 sindilangiza yoposa pamenepo.

Chifukwa china chili pachala cha mwanayo. Mwana wamng'ono sadziwa kukanikiza pang'ono. Akagwira batani amalidinda mpaka pansi n'kulisiya pomwepo, maso ali pa galimoto, kukamwa kuli yasa. Ndiye pali vuto lina limene ngakhale akuluakulu limawasokoneza tsiku loyamba: galimoto ikamachoka pamene mwaima, kumanja kwake ndi kumanja kwanu, koma ikatembenuka n'kumabwera kwa inu, zonse zasinthana. Mukakhotetsera kumanja, m'maso mwanu ipita kumanzere. Mwana amaona khoma, amayesa kulizemba, n'kulunjika pa khoma lomwelo. Pamafunika nthawi kuti mutu uzolowere zimenezi, ndipo galimoto yoyenda pang'onopang'ono ndi imene imampatsa nthawiyo.

N'chifukwa chake ine ndimayamba ndayang'ana rimoti ndisanayang'ane galimoto. Kwa mwana wa zaka 3 kapena 4 zilipo za mabatani awiri okha: lina lopititsa kutsogolo, lina lobweza m'mbuyo uku ikukhota. Kwa ife zimaoneka zachibwana, koma mwana amazimva m'mphindi zochepa ndipo salira. Wa zaka 5 mpaka 7 amatha bwino rimoti ya timitengo tiwiri toyendetsa ndi zala zazikulu, kena kakutsogolo ndi kumbuyo, kena kakumanja ndi kumanzere. Ilipo rimoti ina yogwira ngati mfuti, yokhala ndi kokoka ndi chala komanso kachiwongolero pambali. Imeneyo ndi yabwino koposa, koma yambiri imapangidwira dzanja la munthu wamkulu, moti kachala ka mwana sikafika pokokera. Ngati n'kotheka, mugwiritseni kaye rimotiyo musanalipire. Ikakhala ndi swichi yochepetsa liwiro, ndiye mwapeza chinthu chabwino. Magalimoto ambiri a kampani ya Traxxas, mwachitsanzo, ali ndi njira yophunzirira imene imadula mphamvu ndi theka, ndipo opanga ena otsika mtengo anatengera nzeru yomweyo.

Ndatchula Traxxas, ndiye ndifotokoze za magulu awiri a magalimotowa, chifukwa apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Gulu loyamba ndi la zidole wamba. Zonse zam'kati zimakhala pa kabolodi kamodzi, chiwongolero chimangodziwa kumanja kwenikweni, kumanzere kwenikweni kapena kulunjika, ndipo chinthu chikathyoka masipeya ake simungawapeze. Gulu lachiwiri ndi la anthu okonda masewerowa, limene pachizungu amalitcha hobby grade. Makampani ngati Tamiya ndi Kyosho a ku Japan ndi Traxxas ya ku America amapanga zoterezi. Tamiya inatulutsa galimoto yake yoyamba ya rimoti mu 1976. Pa magalimoto amenewa mukapotoza chiwongolero pang'ono, matayala amakhotanso pang'ono, ndipo kachidutswa kalikonse kali ndi nambala yake yoti mungaitanitsire china.

Anzanga ambiri pantchitoyi amauza kholo lililonse kuti ligule ya gulu lachiwiri chifukwa imakonzeka. Ine ndimasiyana nawo pang'ono. N'zoona imakonzeka, koma ndi yolemera, yothamanga, yokwera mtengo, ndipo yambiri imalembedwa pabokosi kuti ndi ya azaka 14 kupita m'tsogolo. Ikagunda mwendo wa mwana wamng'ono imapweteka ndithu. Komanso simunadziwe ngati mwanayo adzaikondabe pakatha mwezi. Kwa wosafika zaka 7 kapena 8, chidole wamba chosankhidwa bwino chimakwanira. Akachiyendetsa mpaka matayala kuperepeseka, akumafunsabe china, pamenepo ndiye yakwana nthawi ya galimoto yamasipeya.

Nanga chidole chosankhidwa bwino mungachidziwe bwanji? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo palibe malonda amene mwambiwu umawakhala ngati a zidole. Magetsi othwanima, utoto wonyezimira ngati siliva, timagalasi tam'mbali, kaphiko kakumbuyo, zonsezo ndi zimene zimayamba kuthyoka. Itembenuzeni galimotoyo muione kumimba. Tsinani tayala. Likhale la labala wofewa, osati pulasitiki wolimba amene amangoterereka pa simenti kapena pa matailosi. Yang'anani ngati kutsogolo kuli bampala yotulukira kupitirira matayala, chifukwa ngati tayala ndi limene liyambe kukhudza khoma, nkhonya yonse ipita ku chiwongolero, monga zinachitikira galimoto yofiira ija. Pindani pang'ono bampalayo ndi chala. Pulasitiki wabwino amagonja n'kubwerera. Wouma gwa, wolira ngati mbale mukamugogoda ndi chikhadabo, amasweka. Kanikizaninso galimotoyo pansi muone ngati masipuling'i akugwiradi ntchito, pakuti ena amangowajambula pa pulasitiki kuti aoneke.

Magalimoto ooneka ngati ampikisano, otsika mpaka kukhudza pansi, amakongola pashelefu koma amakodwa ndi m'mphepete mwa kapeti. Yamatayala akuluakulu, yokwera m'mwamba, imadutsa pa timiyala ndi pa udzu waufupi. Palinso mtundu wina umene ndimaukonda kwa ana aang'ono: wopanda denga lenileni, matayala ake aakulu kuposa thupi, moti ikagubuduzika imapitirira kuyenda chagada. Mtundu umenewu nthawi zambiri ulibe n'komwe zolumikizira chiwongolero. Umakhota poyendetsa matayala a mbali imodzi mosiyana ndi a mbali inayo. Chimene palibe sichingathyoke, ndipo inu simudzadzuka pampando mphindi iliyonse kukaitembenuza.

Manambala ngati 1:10, 1:18 kapena 1:24 amanena kukula kwake poyerekeza ndi galimoto yeniyeni. Nambala yachiwiri ikakula, galimoto imachepa. Ya 1:24 imakwana pachikhatho ndi zala za munthu wamkulu ndipo ndi ya m'nyumba. Ya 1:10 imayandikira theka la mita, imafuna bwalo. Zapakatipa, 1:18 kapena 1:16, n'zimene mwana amatha kunyamula yekha n'kuseweretsa m'nyumba ndi panja pomwe.

Tsopano batire, amene ndi mtengo wobisika wa galimoto iliyonse. Yotsika mtengo pogula ikhoza kukudyerani ndalama zambiri ngati imameza mabatire a AA asanu kapena asanu ndi limodzi masiku angapo alionse, osaiwala kuti rimoti nayonso imafuna ake. Mukasankha ya AA, guliranitu mabatire otchaja a NiMH ndi tchaja yake. Amatulutsa mavoti 1.2 m'malo mwa 1.5, ndiye galimoto imafooka pang'ono, zimene kwa wophunzira si vuto. Magalimoto ambiri masiku ano amabwera ndi batire la lithium lotchajira pa USB. Choti mudziwiretu n'chakuti kusewera kumatenga mphindi ngati 15 kapena 20, pamene kutchaja kumatenga ola kapena kuposa. Yesani kufotokozera mwana wa zaka 5 zimenezo madzulo a tsiku lake lobadwa! Ndiye sankhani galimoto imene batire lake limachoka, lokhala ndi kapulagi, kuti mukhale ndi lachiwiri lodikirira. Batire lomatiriridwa m'kati likafa, galimoto yonse yafa nalo, ngakhale zina zonse zili bwinobwino.

Kutchaja ndi ntchito ya munthu wamkulu. Batire la lithium musalitchaje pabedi, pasofa kapena usiku anthu atagona, ndipo likangochoka m'galimoto lili lofunda, lisiyeni lizizire kaye. Likatupa ngati kapilo, ntchito yake yatha, musalibaye, musalitchajenso. Mabatire wamba nawo musasakanize akale ndi atsopano, ndipo galimoto ikakhala kuti sigwira ntchito kwa milungu ingapo, achotseni. Timagalimoto tambiri timene timafika kwa ine "titangofa tokha" timakhala ndi ufa woyera pa tizitsulo togunda batire, batire litatayira madzi ake m'menemo.

Pa nkhani ya chitetezo sindinyengerera. Chitseko cha mabatire, pa galimoto ndi pa rimoti pomwe, chikhale chomanga ndi ka screw, osati chongotsegula ndi chikhadabo. Malamulo a zidole a ku Ulaya ndi ku America amafuna kuti mwana wamng'ono asathe kufikira mabatire mosavuta, ndipo chidole chimene chanyalanyaza zimenezi mwina chanyalanyazanso zina zimene simungazione. Oopsa kwambiri ndi timabatire tathyathyathya tonga ndalama yachitsulo, timene timapezeka m'marimoti ena ang'onoang'ono. Mwana akameza kamodzi n'kukakamira kummero, kangathe kuwotcha mnofu koopsa m'maola awiri okha. Zikachitika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo osadikira zizindikiro. Chizindikiro cha nkhope ya mwana yodulidwa ndi mzere wofiira, cholembedwa 0-3, chimatanthauza kuti chidolecho si cha ana osafika zaka 3, kawirikawiri chifukwa muli tizidutswa totha kutsamwitsa. Ngati m'nyumba muli khanda lokwawa, chizindikirocho chikukhudzani ngakhale mwini galimotoyo ali wamkulupo.

Za mafunde a rimoti n'zachidule. Pezani yolembedwa 2.4 GHz. Zakale za 27 MHz ndi 49 MHz zinali ndi eriyo yaitali yachitsulo, yothyoka msanga ndi yoopsa kumaso, ndipo ana awiri akakhala ndi magalimoto a nambala imodzi, rimoti ya wina inkayendetsa galimoto ya mnzake, ndewu n'kubuka. Za 2.4 GHz rimoti iliyonse imagwirizana ndi galimoto yake yokha. Zoyendera kuwala kwa infrared, ngati rimoti ya TV, zimafuna kuloza ndipo padzuwa zimasokonezeka.

Mdani wina amene anthu samuganizira ndi tsitsi. Ndinatsegulapo kagalimoto kamene mwini wake ankati mota yapsa. Nditachotsa tayala lakumbuyo ndinapeza tsitsi ndi ulusi wa kapeti zitakulungana pa kachitsulo kozungulitsa tayala, zolimba ngati chingwe. Ndinazidula ndi lumo, galimoto n'kuyenda. Mota ikamalimbana ndi zoterezi, kapena ndi udzu wautali, imatentha, ndipo mano a timagiya tapulasitiki amasalala. Mukamva mota ikulira koma galimoto osasuntha, muuzeni mwana achotse chala pa batani. Komanso tayala lozungulira lisayandikire kumutu, chifukwa limakola tsitsi la mwana mofulumira kuposa mmene mungamufikire. Mawu akuti "waterproof" pabokosi la chidole chotsika mtengo muwamve kuti chimapirira madontho, osati kusambira m'chithaphwi.

Mukafika nayo kunyumba, iyeseni nokha mwana asanaione. Yatsani rimoti poyamba, galimoto pambuyo. Pozimitsa yambani ndi galimoto. Ikamakhotera mbali imodzi inu musanakhudze chiwongolero, musathamangire kukabweza. Pansi pake, pakati pa matayala akutsogolo, nthawi zambiri pamakhala kowongolera kakang'ono kolembedwa L ndi R. Kasunthireni mbali ina pang'onopang'ono mpaka galimoto iziyenda molunjika. Kenako pezani malo osalala, otakasuka, kutali ndi msewu ndi masitepe. Ikani mabotolo awiri apulasitiki motalikirana, mwanayo aime kumbuyo kwa galimoto ndipo aziitsatira pamene ikuyenda, kuti kumanja kwake kukhale kumanja kwa galimotoyo. Botolo loyamba aligwetsa. Liimikeninso, ayambirenso.