Dzina la pankhope ya wotchi si la amene anaipanga

Mawotchi ambiri akale a m'thumba a ku Switzerland ali ndi dzina pankhope, koma kawirikawiri dzinalo limakhala la wogulitsa, osati la mmisiri. Zinachokera pa kagawidwe ka ntchito.

Lusoli linazika mizu ku Geneva. Mtsogoleri wa mpingo John Calvin ataletsa kuvala zodzikongoletsera, osula golide anayamba kupanga mawotchi, ndipo Apulotesitanti othawa chizunzo ku France anabwera ndi luso lawo. Pofika 1601 amisiriwa anali ndi bungwe lawolawo. Kenaka ntchito inakwera kumapiri a Jura, ku Le Locle ndi La Chaux-de-Fonds, kumene alimi ankabindikira m'nyumba nyengo yonse yachisanu. Wamalonda ankagula makina osamaliza, monga a ku Fontainemelon komwe anayamba kuwapanga mu 1793, n'kugawa zotsala khomo ndi khomo: uyu mivi, uyo nkhope, wina zivindikiro, wina kulumikiza. Wotchi imodzi inkadutsa m'manja ambiri, ndipo ambiri mwa anthuwa sankalembapo dzina.

Zinasintha pambuyo pa chionetsero cha ku Philadelphia mu 1876. Jacques David wa kampani ya mawotchi ya Longines ataona Amereka akupanga ziwalo zofanana ndendende pamakina, anachenjeza anzake kuti msika uwapulumuka. Mafakitale anakula, ndipo mayina ngati Longines ndi Omega anayamba kudalirika.

Choncho, kuti muidziwe bwino wotchi yotere, tsegulani kumbuyo. Pakachivindikiro ka m'kati pamakhala mawu achifalansa. "Remontoir" akutanthauza kuti imapukusidwa ndi kamutu ka pamwamba, osati ndi kiyi, njira imene Adrien Philippe wa kampani ya Patek Philippe anatchuka nayo. "Ancre 15 Rubis" ndi makina abwinoko okhala ndi timiyala 15 tochepetsa kuperepeseka. "Cylindre 10 Rubis" ndi otchipa, ndipo kachiwalo kake kotchedwa cylindre kakatha, kupeza kena n'kovuta. Nthawi zambiri kukonza kumadula kuposa wotchiyo. Zithunzi za mamendulo zojambulidwa pamenepo zisakukopeni, zinali zoitanira malonda.

Zidindo za boma zotsimikizira siliva kapena golide wa chivindikiro, zimene zinabwera ndi lamulo la 1880, n'zodalirika kwambiri. Chimbalangondo ndi siliva wa 0.875 (magawo 875 mwa 1,000 ndi siliva weniweni), mbalame yonga nkhwali ndi siliva wa 0.800, gologolo ndi golide wa makarati 14, mutu wa mkazi Helvetia ndi wa makarati 18. Nambala ya pachivindikiro kawirikawiri si ya makina, poti opanga anali osiyana.

Chimene chimathyoka msanga ndi kamtengo kachitsulo kopyapyala ka gudumu logwedezeka limene limasunga nthawi, chifukwa mawotchiwa analibe chotetezera akagwa. Mukaigwedeza pang'ono gudumulo n'kumapendekeka, kathyoka. Wotchi imene yakhala zaka osayenda musaipukuse kaye: mafuta ake anauma, ndipo fumbi lomatirirapo limadya zitsulo ngati mchenga. Iyambe yaphwasulidwa, kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta atsopano.