Kodi kulawa kokeni kamodzi sikupha?

Mumamveka mawu akuti kokeni (mankhwala ozunguza bongo ooneka ngati ufa woyera) amapha okhawo amene anamuzolowera, ndipo wachinyamata wathanzi akangolawa kamodzi palibe chimachitika. Limeneli ndi bodza.

Len Bias anali katswiri wa basketball ku America, wa zaka 22, thupi lake lolimba bwino. Mu June 1986 timu ya Boston Celtics inamusankha, koma patangotha masiku awiri anamwalira. Mtima wake unasokonekera atagwiritsa ntchito kokeni.

Chimachitika ndi ichi: kokeni amathamangitsa mtima n'kukweza BP, kwinaku akufinya timitsempha todyetsa mtimawo magazi. Ndiye kuti mtima ukugwira ntchito yambiri pomwe mpweya ukuuchepera. Ukhoza kuima, kapena munthu n'kuchita sitiroko. Zimenezi siziona msinkhu, ndipo sizidikira kuti munthu azolowere kaye.

Munthu akaphatikiza kokeni ndi mowa (ati kuledzera kumatha, zabodzanso zimenezo) chiwindi chimapanga poizoni wotchedwa cocaethylene, amene amakhalitsa m'magazi n'kuupweteka mtima kwambiri.

Komanso ufawo suyera monga umaonekera. Ogulitsa amasakanizamo levamisole, mankhwala ophera njoka zam'mimba mwa ziweto, amene amachepetsa chitetezo cha m'thupi. Ku America ena amaupeza uli ndi fentanyl (mankhwala amphamvu kwambiri oletsa ululu), yemwe pang'ono pokha amaimitsa kupuma.