Pulogalamu yaulere ndi imene siikudyerani bandulo

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi kusindikiza zikalata pa Kamuzu Road, kuno ku Salima. Sabata siitha ndisanalandire laputopu imene Word yake yayamba kuonetsa kauthenga kofiira pamwamba, yakana kulemba, chonsecho mwini wake ali ndi lipoti lofunika mawa m'mawa. Ndikafunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, Office imeneyi munaipeza kuti?" yankho limakhala lomwelomwelo: "Anandiikira mnyamata wina, anati ndi yaulere." Sinali yaulere ayi. Inali yakuba, yothyoledwa loko, ndipo kapulogalamu kothyolera lokoko nthawi zambiri kamabwera ndi alendo ake. Kuti kalowe, mnyamatayo amayamba wagoneka Defender, mlonda amene Windows imabwera naye kale, ndiye amachoka osam'dzutsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zaulere zenizeni zilipo, zabwinonso, koma anthu sazidziwa. Ena amazipanga ndi anthu ongodzipereka ndi mabungwe osafuna phindu, ndipo amalola aliyense kuzikopera ndi kugawira anzake. Zina n'zaulere chifukwa eni ake amapeza ndalama pokuonetsani malonda kapena podziwa zimene mumakonda. Zinanso n'zaulere mpaka tsiku limene mwazolowera, kenako mtengo umatulukira. Koma ife kuno tili ndi muyeso wina umene olemba za makompyuta a ku Ulaya saulabadira. Kwawo intaneti amalipira pamwezi n'kuiwalako. Kwathu chinthu chilichonse chodutsa pa foni chimadula bandulo, ndipo netiweki ya pa boma si yofanana ndi ya ku Khombedza kapena ku Thavite. Choncho ine ndikamva kuti pulogalamu ndi yaulere, ndimafunsa kuti idya ma megabyte angati, nanga netiweki ikachoka igwirabe ntchito?

Pa muyeso umenewu LibreOffice ndiye imatsogola. Imayang'aniridwa ndi bungwe la The Document Foundation, limene linayamba mu 2010 pamene anthu ena opanga OpenOffice anapatukana nayo. M'kati mwake muli Writer yolembera makalata, Calc yowerengetsera, ndi Impress ya zoonetsa pa msonkhano. Imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, imasunganso m'mtundu womwewo. Kuitsitsa pa intaneti kumadya ma megabyte opitirira 300, inde, koma ndi kamodzi kokha. Mukaiika pa fulashi mutha kuikira makompyuta onse a pa sukulu kapena a pa ofesi ya mpingo, palibe lamulo limene mwaphwanya, ndipo siidzakufunsani kiyi mpaka kalekale. Ikalowa siifunanso intaneti.

Ndisakunamizeni, ili ndi timakhalidwe take. Mukangodina kusunga osayang'ana, imasunga m'mtundu wake wa .odt, ndiye mnzanu wa ku Lilongwe akatsegula pa foni amadandaula kuti fayilo yakana. Sankhani .docx posunga, kapena sinthani kamodzi m'ma settings kuti izisunga choncho nthawi zonse. Chikalata chokhala ndi matebulo ambiri ndi zithunzi chimathanso kusuntha pang'ono chikachoka ku Word kubwera ku Writer. Pa chifukwa chimenechi, chilichonse chimene simukufuna kuti wina asinthe, kalata yofunsira ntchito, CV, kotesheni, chitumizeni ngati PDF. Batani lake lili pamwamba pomwepo. Munthu wa maakaunti amene ntchito yake yonse yagona pa ma macro a Excel, timalamulo tochititsa ntchito yokha m'kati mwa fayilo, ameneyo agule Office yeniyeni, ndalamayo ndi ya ntchito. Koma mlembi wa banki m'khonde, kapena mayi wogula usipa ku Senga Bay n'kukagulitsa ku Lilongwe amene akungofuna kuona zolowa ndi zotuluka, Calc imukwanira n'kutsalako.

Tsopano za browser, pulogalamu imene mumatsegulira masamba a pa intaneti. Apa ndi pamene bandulo imathera mosadziwika. Mukatsegula tsamba la nkhani, mawu a nkhaniyo ndi kanthu kochepa zedi. Zolemera ndi zithunzi za malonda, timavidiyo toyamba tokha, ndi timapulogalamu tobisika tolondola kumene mwachokera ndi kumene mukupita. Zonsezo mumalipira ndinu. Kowonjezera pa browser kotchedwa uBlock Origin, kamene Raymond Hill anatulutsa mu 2014, kamatsekereza zinthu zimenezi zisanatsike n'komwe, motero tsamba limatseguka msanga ndipo bandulo imakhalitsa. Phindu lina limene ine ndimaliona kwambiri pa benchi yanga ndi ili: kamachotsa mabatani abodza aja olembedwa Download, akuluakulu obiriwira, amene amakhala pafupi ndi batani lenileni. Makompyuta ambiri odwala amene ndimalandira anadwalira pa batani lotero.

Pali mfundo imene muyenera kuidziwa. Chrome ya pa foni siilola zowonjezera ngakhale chimodzi. Chrome ya pa kompyuta inasintha malamulo ake a zowonjezera, amene amawatcha Manifest V3, ndipo uBlock Origin yathunthu inasiya kugwira ntchito mmenemo. Kunatsala mng'ono wake, uBlock Origin Lite, amene amathandiza ndithu ngakhale mphamvu zake n'zocheperapo. Yathunthuyo imagwirabe pa Firefox, ya pa kompyuta ndi ya pa foni za Android zomwe. N'chifukwa chake makasitomala anga ambiri amachoka ndi Firefox m'foni mwawo ngakhale sanabwerere zimenezo. Onetsetsani dzina bwinobwino, pakuti pali zina za mayina ofananako zimene si za munthu yemweyo. Ndipo ngati pali tsamba la nkhani la kuno kwathu limene mumalikonda, mutha kulichotsa pa mndandanda wa zotsekerezedwa, popeza atolankhani akenso amadyera malonda omwewo.

Kupatula kameneka, ine sindilimbikitsa kudzaza browser ndi zowonjezera. Zambiri zimapempha chilolezo chowerenga ndi kusintha zonse za pa masamba amene mukutsegula, kutanthauza kuti zingathe kuona ngakhale zimene mukulemba pa tsamba la banki. Ndi ngati kupatsa munthu kiyi ya nyumba yonse chifukwa wati akuthandizani kusesa pakhonde. Ma VPN aulere, mapulogalamu odutsitsa intaneti yanu yonse pa kompyuta ya munthu wina, ndiye ndimawaopa koposa. Mu 2015 zinadziwika kuti VPN yaulere yotchedwa Hola inkagulitsa intaneti ya anthu oigwiritsa ntchito kuti ena azidutsirapo. Anyamata amatumizirana timafayilo pa WhatsApp tolonjeza intaneti yaulere. Funsani kuti mwini wa seva imene zinthu zanu zonse zikudutsirayo ndani, ndipo akupindulapo chiyani.

Kanthu kena si pulogalamu koma kapulumutsa anthu ambiri. Mukalumikiza laputopu ku hotspot ya foni, Windows imaganiza kuti yapeza intaneti ya bwerekete, ndiye imayamba kutsitsa ma update ake mwakachetechete. Bandulo ya sabata imatha musanamalize kuwerenga imelo. Lowani m'ma settings a Wi-Fi imeneyo, muyatse polembedwa Metered connection. Mukatero Windows imadziwa kuti intaneti iyi ndi yogula moyeza, ndipo zambiri zolemera imaziimika. Koma ma update aja musawathawe mpaka muyaya, chifukwa ndi amene amatseka mipata yolowera akuba. Apatseni tsiku lawo mukapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku.

Nyengo ya kulemba anthu ntchito ikafika, pakhomo panga pamadzaza achinyamata ndi ma envulopu a khaki. Onse vuto lawo ndi limodzi: malo ofunsira ntchito akufuna satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika ndi kalata, zonse mu PDF imodzi yosalemera. Ndidziphera ndekha bizinesi pano, koma sikana yanga simukuifuna kwenikweni. Pulogalamu ya Google Drive ya pa foni ili ndi pojambulira zikalata. Ikani pepala pa tebulo pamalo owala, jambulani, iyo imawongola m'mbali n'kupanga PDF. Ngati mukutumiza pa WhatsApp, tumizani ngati Document osati ngati chithunzi, chifukwa chithunzi WhatsApp imachifinya mpaka zilembo zing'onozing'ono kusaoneka. Pa Gmail kumbukirani kuti zomata pa imelo imodzi sizipitirira 25 MB.

Pofuna kuphatikiza kapena kuchepetsa ma PDF, ambiri amathamangira masamba aulere a pa intaneti. Amagwira ntchito, sindikana. Koma taganizani chimene mwachita: mwakweza chiphaso chanu, nkhope, nambala ndi tsiku lobadwa, kupita pa kompyuta ya munthu amene simukumudziwa, m'dziko limene simukulidziwa. Ndi zinthu zomwezo zimene akuba amafuna akamayesa kulanda nambala ya foni ya munthu ndi ndalama zake za Airtel Money kapena Mpamba. Mndandanda wa nyimbo za kwaya kwezani kulikonse, palibe kanthu. Chiphaso ayi. Pa Windows pali PDF24 Creator, yochokera ku Germany, yaulere, imene imaphatikiza, kudula ndi kuchepetsa ma PDF pa kompyuta panu pomwepo popanda kutumiza kanthu kunja. Bandulonso siikhudzidwa.

Za kusunga zinthu pa intaneti ndizinena mosamala, chifukwa apa chaulere chili ndi malire. Akaunti ya Google imapereka 15 GB, koma malowo amagawana Gmail, Drive ndi Photos. OneDrive ya Microsoft imapereka 5 GB, Dropbox 2 GB. Kale Google Photos inkalola kusunga zithunzi mopanda malire, koma zimenezo zinatha pa 1 June 2021. Anthu ambiri sanamve, ndiye mavidiyo a ukwati ndi a chinkhoswe amadzaza malo onse, kenako maimelo amasiya kulowa, munthu n'kumadikira yankho la ntchito limene linabwerera pakhomo. Zimitsani zoti foni izikweza yokha mavidiyo. Malo amenewo asungireni zinthu zimene zikatayika mungalire: masatifiketi, mapepala a malo, zolemba za sukulu, kaundula wa gulu. Zimenezi n'zopepuka, sizingadzaze ngakhale gigabyte imodzi. Dziwaninso kuti kuyambira December 2023 Google inayamba kutsatira lamulo loti akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa itha kufufutidwa, choncho muzilowamo mwa apo ndi apo.

Ndipo akauntiyo ikhale yanu. Izi ndimazinena tsiku ndi tsiku. Munthu amagula foni, wogulitsa amamutsegulira Gmail mwachangu, pasiwedi osamuuza kapena kumuuza pakamwa basi. Foni ikagwera m'nyanja kapena ikabedwa m'minibasi, zonse zapita, ngakhale zili bwinobwino pa seva. Amene ali ndi maakaunti ambiri angagwiritse ntchito Bitwarden, yaulere, imene imasunga mapasiwedi onse kuseri kwa pasiwedi imodzi yaikulu. Kwa agogo anga ndi ena otero ndimangoti lembani m'kabuku, kabukuko mukasunge kumene mumasunga makadi a kuchipatala. Kuli bwino kusiyana ndi kuika chaka chobadwa paliponse.

VLC sindichedwapo, ambiri mukuidziwa ndi kachizindikiro kake konga chipewa cha pamsewu. Inayambira kwa ophunzira a pa École Centrale Paris, imasewera pafupifupi vidiyo ya mtundu uliwonse ndipo ilibe malonda. Ngati foni yanu ili ndi pulogalamu yoonera mafilimu imene imakuonetsani malonda a juga pakati pa filimu, ichotseni muike imeneyi. 7-Zip imatsegula mafayilo omangidwa pamodzi, osakuvutitsani ndi uthenga woti mugule.

Imene ndikufuna aphunzitsi aidziwe ndi Kiwix. Imalola kutsitsa Wikipedia n'kumaiwerenga popanda intaneti. Yachingerezi yonse ndi zithunzi zake ndi yaikulu zedi, pafupifupi 100 GB, koma pali zigawo zing'onozing'ono, monga za masamu, za chemistry kapena za zaumoyo, zimene zimakwana pa fulashi wamba. Munthu mmodzi akatsitsa ali pa boma, sukulu yonse ya kumudzi imawerenga chaka chathunthu osagula bandulo. Wikipedia ya Chichewa iliponso, kungoti nkhani zake n'zochepa, ndipo sizidzachuluka zokha ngati ife eni chinenero sitilembamo. Google Translate inalandira Chichewa mu December 2014. Imathandiza kumva mutu wa nkhani ya Chingerezi, koma musaipatse kalata yopita kwa a gulupu kapena kwa apongozi. Chingerezi chili ndi mawu amodzi pamene ife tili ndi iwe ndi inu, ndipo makinawo sadziwa amene mukulankhula naye.

Funso limene likubwera kwambiri masiku ano ndi la Windows 10. Microsoft inasiya kuisamalira mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, ndipo malaputopu ambiri akale amene tinagula pa kaunjika sakwanitsa zofuna za Windows 11. Sikuti afa ayi, akuyakabe, kungoti mipata yatsopano ikapezeka nthawi zambiri sipakhalanso wotseka. Ena ndawaikira Linux Mint m'malo mwa Windows, imene ndi yaulere, imabwera ndi Firefox ndi LibreOffice kale, ndipo vairasi ija ya pa fulashi yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut siigwirako, poti inapangidwira Windows. Koma ndisanaike ndimafunsa zinthu ziwiri: pulinta yanu ndi ya mtundu wanji, ndipo pali pulogalamu ya kuntchito imene imafuna Windows basi? Mukabwera nayo laputopuyo, mubwerenso ndi pulintayo ndi chingwe chake, tiyese kaye kuchokera pa fulashi tisanafufute kalikonse.