Ana a pa maloboti mu Lusaka: mkanganowu unayambira kuti?

Pa 12 April, tsiku lomwe mabungwe amakumbukira ana okhala mumsewu, ndinali mu minibasi yochokera ku Chelstone kulowa mtauni. Titaima pa maloboti a pa Manda Hill kanabwera kamnyamata pawindo, ka zaka mwina 11, katavala juzi ya munthu wamkulu yofika m'mawondo, dzanja limodzi katalibisa mu mkono wa juziyo, ndipo aliyense wa mu Lusaka akudziwa chomwe chimakhala mmenemo, kabotolo ka stika, mankhwala amene anawa amanunkhiza kuti aledzere. "Bakamba, nipempako ya buledi." Mayi amene anakhala pafupi nane anatulutsa K2, bambo wina kumbuyo nkuti, "Amayi musapatse, mukuwazoloweza, awa angofunika kuwanyamula onse akawasiye ku ZNS," kutanthauza ku makampu a asilikali a Zambia National Service. Mayi aja anati, "Abambo, akanakhala wanu mukanatero?" Basi zinayambika, ngakhale kondakita analowerera, mpaka kufika mtauni anthu akulankhulabe.

Mkangano womwewu ndaumva pa wailesi, kutchalitchi, pamaliro, ndipo umakhala ndi mbali ziwiri zomwezo. Ena akuti asesedwe, tauni iyere, makamaka masiku ano pomwe wina aliyense wovala zakuda ndi litsiro akungotchedwa junkie kaya ndi mwana wa zaka 9 kaya ndi chigawenga cha ndevu. Ena, amene ambiri ndi a mabungwe othandiza anawa, akuti mwana sumusesa ngati zinyalala, umamutsata pang'onopang'ono mpaka upeze kwawo. Chomwe sindimamva kawirikawiri ndi funso loti kodi anawa anayamba liti kugona pa Cairo Road, chifukwa akuluakulu amene anakulira muno amanenetsa kuti kale sizinali chonchi.

Za nthawi ya a Kaunda sindichulutsa. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975, chuma chinayamba kutsika, mu December 1986 anthu a ku Copperbelt anachita zipolowe chifukwa cha mtengo wa unga, mu June 1990 zinabwera mu Lusaka muno. Anyamata ogulitsa ndudu imodziimodzi, omwe ankatchedwa mishanga boys, analipo kale m'ma 1980, koma amene amawakumbukira amati madzulo ankabwerera ku komboni kukagona. Umphawi unalipo inde, koma khomo lolowapo linalipo.

Pomwe ine ndimaona kuti zinthu zinathyokera ndi pakati pa 1991 ndi 1996, ndipo apa ndikhalapo pang'ono. A Chiluba ndi chipani chawo cha MMD atalowa m'boma mu 1991 anatenga ndondomeko za IMF ndi World Bank ndi manja awiri. Sabuside ya unga inachotsedwa, mu 1992 kunakhazikitsidwa Zambia Privatisation Agency yogulitsa makampani a boma, Zambia Airways inatsekedwa mu December 1994, UBZ ya mabasi inatsatira mu 1995, mafakitale a nsalu anagonja ndi salaula. Kuchipatala kunayamba kulipiritsa, kusukulu nakonso kunali ndalama za PTA, yunifomu, nsapato. Ndiye muyenera kumvetsa kuti nthawi imeneyo ntchito sinali malipiro okha, kwa ambiri ntchito inali nyumba yomwe, ukachotsedwa ntchito makiyi ubweze. Munthu mmodzi wolandira pamwezi ankasunga ana ake, ana a mlongo wake, mphwake wochokera ku Petauke amene anabwera kudzaphunzira, ndiye munthu ameneyo akagwa sagwa yekha.

Nthawi yomweyomweyo edzi inali ikukolola. A Kaunda anali atanena poyera mu 1987 kuti mwana wawo Masuzyo anamwalira nayo, koma kunena ndi china, mankhwala ndi china, ma ARV aulere m'zipatala za boma anadzabwera mu 2005. Zaka zonse zapakatipo anthu ankangopita kumanda a ku Chingwere ndi ku Leopards Hill ngati akupita kumunda. Kafukufuku wa boma wa 2001 mpaka 2002 anapeza kuti pafupifupi 16 pa akuluakulu 100 aliwonse anali ndi kachilombo, ndipo m'matauni chiwerengero chinali chokwera kuposa apo. Amene ankafa anali omwe aja a zaka 30, 40, osunga mabanja.

Chachitatu chomwe sitikonda kuchitchula chifukwa chikutikhudza ife eni ake ndi kulanda katundu wamasiye. Lamulo linalipo, Intestate Succession Act ya 1989 imati munthu akamwalira osasiya wilo ana atenge 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ena odalira malemuyo 10. Koma pamaliro lamulo silinkawerengedwa. Ine ndinaona ndi maso anga mu 1996. Amalume anga anachotsedwa ntchito pa kampani ina ya boma, ndalama zawo anazidikira mpaka anadwala nkumwalira, ndipo tisanachotse nkomwe tenti abale ena anabwera ndi vani nkukweza firiji, wailesi, bedi, ngakhale mbaula yamagetsi ikadali yofunda. Azakhali anatsala ndi mphasa ndi ana anayi mu chipinda chimodzi ku Misisi. Chaka chisanathe wachiwiri kubadwa, msuweni wanga, anayamba kunyamulira anthu katundu pa Soweto Market, poyamba ankabwera ndi pamela ya unga madzulo, kenako ankabwera Loweruka lokha, kenako zii. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma chaka chimenecho mwambi uja unalibe pogona.

Tsono apa ndi pomwe mabungwe akulowera. Fountain of Hope inayamba mu 1996 ndi achinyamata a konkuno, mmodzi mwa iwo anali a Rodgers Mwewa omwe pambuyo pake anadzakhala phungu wa Mwansabombwe nkumwalira mu 2020, ndipo malo awo ku Kamwala alipo mpaka lero. Akatolika anatsegula St Lawrence Home of Hope kufupi ndi Misisi, a bungwe la Koinonia pamodzi ndi Bambo Kizito anatsegula Mthunzi ku Lusaka West, dzina lake likunena lokha. Matchalitchi ena anayambitsa zawo. Mu 2006 kunabwera Barefeet Theatre, omwe amakopa ana ndi ng'oma, masewero ndi zidule zodumphadumpha, ndipo ena mwa oyambitsa ake anali anyamata omwe anagonapo mumsewu. Mu 2007 laibulale yoyamba ya Lubuto inatsegulidwa pa Fountain of Hope pomwepo, ena ankaseka kuti mwana wanjala adya buku? koma amene anapitako anaona ana atadzaza pansi akuwerenga.

Dziko lakunja linadziwa za ana a mu Lusaka kudzera mu nkhani yonyansa, ya jenkem. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 manyuzipepala akunja ndi BBC analemba za anyamata omwe ankatunga zonyansa pa madamu a suweji a ku Garden, kuzitsekera mu botolo kuti zifufume nkumakoka mpweya wake chifukwa guluu anali wodula. Nkhaniyi inathandiza kubweretsa ndalama, sindikana, koma inasiyanso chithunzi choti anawa ndi zilombo zina zake, osati ana a anzathu a ku Chibolya, Kanyama ndi John Laing.

Pa chiwerengero pali chisokonezo chomwe mpaka lero anthu amagwiritsa ntchito molakwika. Kafukufuku wa mu 1996 anapereka 75,000 ngati chiwerengero cha ana a mumsewu mu Zambia monse, ndipo nambala imeneyi inayenda kwambiri, inalowa m'malipoti, m'makalata opempha thandizo, mpaka pano ena amaitchulabe ngati yawerengedwa dzulo. Kafukufuku wa mu 2006 wa unduna woona za chitukuko cha m'madera mothandizidwa ndi UNICEF anapeza opitirira pang'ono 13,000. Kusiyana kwake nkwakukulu zedi, ndipo sizikutanthauza kuti ana 60,000 anabwerera kwawo m'zaka khumi ayi. Yoyamba ija inali yoyerekeza, ndipo zimatengera kuti ukuwerenga ndani, wogona mu ngalande yekha kapena ndi uja wogulitsa mapulasitiki masana nkukagona kwa agogo ake. Ine ndimakhulupirira kwambiri yachiwiriyo, komanso mwana amene amathawa akaona munthu wanyamula fayilo ndi bolopeni ndi wovuta kumuwerenga.

Kafukufuku amene ndimamuona wofunika kuposa onsewa ndi wa mu 2002, wa mu Lusaka mokha, pomwe Project Concern International ndi mabungwe anzake anacheza ndi ana oposa 1,200. Anapeza kuti amasiye opanda mayi ndi bambo omwe anali pafupifupi mmodzi pa asanu, ndipo pafupifupi anayi pa khumi makolo awo onse awiri anali amoyo. Izi zinasintha maganizo a ambiri ogwira ntchitoyi. Ngati mwana ali ndi kwawo, ndiye kumumangira nyumba ya ana amasiye si yankho lokhalo, funso ndi loti kwawoko kuli chani chomwe chamuthamangitsa, njala, bambo womupeza wa chikwapu, mayi wa kachasu, kapena wangotumidwa kuti akapemphe. Kuchokera apo ntchito yayikulu inakhala yotsata abale ndi kubwezera ana m'mabanja, ntchito yosaoneka pa TV, wogwira ntchito kukwera basi ndi mwana mpaka ku Kabwe kapena ku Chipata nkukapeza kuti banjalo linasamuka kalekale.

Boma nalo linayesa njira yake. Nthawi ya a Mwanawasa, amenenso anachotsa fizi ya Grade 1 mpaka 7 mu 2002, kunayamba pulogalamu yotumiza achinyamata a mumsewu ku makampu a ZNS, ku Chiwoko ku Katete ndi ku Kitwe, kukaphunzira ukalipentala, zomangamanga, ulimi ndi zina. Bambo wa mu basi uja ankanena za imeneyi. Tinene chilungamo, ena anapindula, anatuluka ndi luso m'manja ndiponso thupi litabwerera. Koma dandaulo lomwe limamveka kwa ogwira ntchito mumsewu ndi loti maphunziro akatha mnyamata amabwera ndi satifiketi, nthawi zina ndi bokosi la zipangizo, koma alibe pogona, alibe womulemba ntchito, ndiye sowo ndi hamala zija zimathera pa msika iye nkubwerera pansi pa flyover pomwe anzake amamudziwa dzina. A mbali ya boma amayankha kuti nanga mabungwewo zaka zonsezi achotsa angati, si omwewa amadya ndalama za azungu m'mawekishopu? Funsoli lili ndi kachoonadi kake, mabungwe a mu briefcase analipo ndithu, ndipo ndalama za ma donor zikauma ma senta ena osungira ana ankatseka ana nkubalalika. Koma amene ndawaonapo akuyenda usiku wa June ndi tochi ndi bandeji kuseri kwa City Market sanali a mawekishopu.

Zaposachedwa ndingodutsamo. Mu 2017 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa ana inatulutsa General Comment 21 yomwe imatsutsa kusesa ana mokakamiza ndipo imati maganizo awo azimvedwa. Mu January 2022 maphunziro aulere anafika mpaka Grade 12, chaka chomwecho kunabwera Children's Code Act, lamulo limodzi lophatikiza nkhani za ana. Nambala ya foni ya 116 yothandiza ana ilipo yaulere. Papepala tili bwino. Kenako chilala cha 2024 chinabwera, unga unakwera, magetsi kuzima tsiku lonse, ndipo pa maloboti ndinayamba kuona nkhope zatsopano zing'onozing'ono, ena akutsogolera agogo osaona pakati pa magalimoto.

Pa nkhani ya K2 ija, chodabwitsa nchoti ambiri a mabungwe amagwirizana ndi bambo uja theka, amati ndalama yapawindo kawirikawiri imathera kwa wogulitsa stika kapena kwa mnyamata wamkulu amene amalamulira pamalopo, bola kugula chakudya kapena kupereka ku senta. Pomwe amasiyana naye ndi pa loli ndi chikwapu.

Msuweni wanga uja anapezeka patapita zaka ziwiri, anamupeza ndi anyamata a senta ina ali ndi chilonda pamwendo chomwe chinkanunkha. Anathawako katatu. Pano ndi bambo wa ana atatu, amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ku Kalingalinga, magetsi akakhalapo. Sabata yatha ndinamuuza za mkangano wa mu basi uja ndipo ndinamufunsa chomwe ankathawira pomwe ku senta kunali nsima ndi bulangeti. Anachotsa magalasi akuda aja nkupukuta thukuta. "Achimwene, stika imaitana, usiku umachita kuimva pakhosi. Ndiye kumseuko ndinali ndi dzina, ndinali ndi anthu anga." Nanga chinakubweza nchani, ndinatero. Anati ulendo wachitatu ankaganiza kuti amukaniza pageti, koma mlonda anangomuyang'ana nkumuuza kuti akasambe msanga, mbale yake ili pa shelefu pomwe anaisiya.